Kodi udzu umazolowera mankhwala? Yankho pa nkhani ya Roundup

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Roundup amene kale ankapsereza udzu wonse masiku ano akusiya wina uli wobiriwira, ndipo mwati munamva kuti zomera zimazimitsa majini ake ena (malangizo obadwa nawo olamulira mmene chomera chimakulira) n'kuzolowera mankhwala. Zozimitsa majinizo n'zoona. Koma zoti ndi zimene zikupulumutsa udzu m'munda mwanumo, pamenepo tisathamange.

Chomera chimatha kumata tizinthu totchedwa methyl pa DNA yake, ulusi wa m'maselo umene umasunga majiniwo, kapena kuikulunga mothina, kapenanso kutumiza tizidutswa ta RNA, m'bale wake wa DNA, tokatseka jini inayake. Jiniyo imakhala ilipo ndithu, sinasinthe olo pang'ono, koma siigwira ntchito, ngati nkhokwe yomata: chimanga chilimo koma chosatapika. Asayansi amati epigenetics. Mu 1990 asayansi Napoli ndi Jorgensen anaonjezera jini ya mtundu m'maluwa a petunia pofuna kuti mtunduwo ukolere kwambiri, koma maluwa ena anatuluka oyera mbee. Chomeracho chinazimitsa jini yachilendoyo pamodzi ndi yake yomwe.

Pa mankhwala opha udzu, chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha ku John Innes Centre, malo ofufuzira za zomera ku Norwich, ku England, mu 2000. Anali ndi repu wa mafuta amene anamuika jini yomuteteza ku mankhwala otchedwa bialaphos. Atamupatsira kachilombo ka cauliflower mosaic virus, repuyo polimbana ndi matendawo anazimitsanso jini yomutetezayo, chifukwa kachidutswa koyatsira jiniyo anakatenga kwa kachilombo komweko. Mankhwala aja anayamba kumupha. Taonani kuti apa kuzimitsako kunafooketsa chomera, sikunachilimbitse.

Ku yunivesite ya Virginia Tech ku America, mu 2017, anapopera glyphosate (mankhwala enieni amene ali mu Roundup) wochepa, wosakwana kupha, pa kachomera kotchedwa Arabidopsis. Tizomera tomwe tinapulumuka tinali ndi malo oposa 9,000 pa DNA pamene methyl anasintha, ndipo kusinthako kunkatengera kuchuluka kwa mankhwala. Ndiye mankhwala amasiyadi chipsera mkati, komanso zomera zimatha kupatsira ana ake zizindikiro zoterezi mosavuta kuposa nyama. Chomwe sichinatsimikizike mpaka pano n'choti zizindikirozo pazokha zapanga udzu wa m'munda wosamva mankhwala mibadwo ndi mibadwo. Amene akukuuzani ngati nkhani yotha akuonjeza mchere.

Zotsimikizika ndi izi. Glyphosate amatseka enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'maselo) yotchedwa EPSPS, imene chomera chimafuna popanga zina mwa zomangira thupi lake. Udzu woyamba kudziwika kuti sukumumva unali Lolium rigidum ku Australia mu 1996. Ku Malaysia, udzu wotchedwa Eleusine indica unasintha jini ya EPSPS yeniyeniyo kuti mankhwala asaigwire. Ku Georgia, m'dziko la America, Palmer amaranth, m'bale wake wa bonongwe wathuyu, anachita zosiyana kwenikweni ndi kuzimitsa: anachulukitsa jiniyo, ena mpaka kupitirira 100, moti mankhwala amatha enzyme isanathe. Chomera chimenechi chinapezeka ku Northern Cape ku South Africa mu 2018, ndiye si nkhani yakutali kwambiri.

M'zonsezi udzu sunaphunzire kanthu. Pa zomera zikwizikwi pamakhala zingapo zobadwa zolimbirako, inu mumapha zofookazo, zolimbazo zimabereka. Asayansi Neve ndi Powles anasonyeza mu 2005 kuti kupopera mankhwala ena opha udzu otchedwa diclofop mochepera mlingo pa Lolium kwa mibadwo itatu yokha kunatulutsa udzu wopirira mlingo woposa wolembedwa pabotolo.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza. Mankhwala akwera mtengo, ndiye ambiri timatapa pang'ono m'sipuleya kuti lita imodzi ikwanire munda wonse. Kaya chikugwira ntchito ndi kusankhika kwa zolimba zija kapena methyl uja, zonse zimayambira pa udzu umene wavulala koma osafa.

Musanaweruze kuti udzu wanu wasiya kumva, yang'anani kaye madzi. Glyphosate amakakamira ku dothi, ndiye madzi amatope a pachithaphwi amamupha mphamvu asanatuluke m'sipuleya. Udzu wokhwima, wofota ndi ng'amba kapena wa fumbi m'masamba samwa bwino mankhwala, ndipo mvula ikagwa mutangopopera ntchito yapita pachabe. Nozo yotha nayonso imanamiza.

Ngati zonsezi zili bwino koma mtundu umodzi wokha ndi womwe ukutsala, pamalo omwewo chaka ndi chaka, pomwe unzake wafa, pamenepo kayikirani. Uzuleni ndi khasu usanachite maluwa, musaupoperenso glyphosate, ndipo aonetseni alangizi a m'dera lanu. Posintha mankhwala werengani tizilembo ting'onoting'ono ta pabotolo, chifukwa mabotolo ambiri a mayina osiyana mkati mwake ndi glyphosate yemweyo.