Kusinthanitsa matayala a Fit pakhomo

Achimwene a ku Dzivarasekwa muno mu Harare, mwati matayala akutsogolo a Honda Fit yanu akutha msanga kuposa akumbuyo, ndiye mukufuna kudziwa ngati mungawasinthanitse nokha pakhomo komanso zida zake. Mungathe ndithu, si ntchito yoti mpaka mukaimire nayo amakaniko a ku Kaguvi Street. Kuthako musadabwe nako. Ma Fit ambiri amakoka ndi matayala akutsogolo, omwewonso ndi okhota, injini yawakhalira pamwamba, mabuleki nawo amaluma kwambiri komweko. Muzisinthanitsa mukayenda makilomita 8,000 mpaka 10,000.

Koma musanagwire jeke, gwadani kaye muone mmene tayala ladyekera, mulisisite ndi chikhatho mpaka mkati momwe simuona mukaimirira. Likakhala latha mofanana, pitirizani. Likadyeka mbali imodzi yokha, ameneyo ndi alayimenti, kutanthauza kuti mawilo sanalunjike bwino, ndipo ndi maenje a misewu ya muno mu Harare galimoto zambiri zili choncho eni ake osadziwa. Kusinthanitsa osakonza alayimenti n'kungopereka matayala abwinowo kuti nawonso adyeke. Kutha pakati pokha ndiye kuti mumapopa mopitirira muyeso, kutha m'mphepete monse muwiri mpweya umachepa. M'ngalande za tayala muli timizere topingasa totalika mamilimita 1.6. Tayala likasalala kufika pamenepo, kapena likatuluka chotupa m'mbali, musalipititse kumbuyo poganiza kuti likapuma. Mvula ikagwa, kumbuyoko n'kumene kudzayambe kuterereka pokhota.

Zida si zambiri: jeke, sipanala ya mawilo (manati a Fit ndi a saizi 19, ma Toyota ambiri 21), choko, geji ya mpweya, miyala yotchingira matayala, ndi sitandi yachitsulo yochirikizira galimoto. Pa sitandipo ndiye sindinyengerera. Kajeke kobwera ndi galimoto anakapangira kusintha tayala limodzi pamsewu, ndipo pa dothi kamapendekeka mosachenjeza. Njerwa zimaphwanyika. Mukagula sitandi yowotcherera ku Magaba, kwa amisiri a ku Mbare, muyang'anitsitse mowotcherera mwake. Pabwalo pakakhala pa dothi, yalani thabwa lochindikala pansi pa jeke.

Imikani pamalo osatsetsereka, giya pa P, handibuleki mmwamba. Lembani ndi choko tayala lililonse komwe lachokera. Manati muwamasule pang'ono galimoto ikadali pansi, kenako jeke ilowe pomwe pali timano tiwiri pansi pa chitseko, osati paliponse.

Kwa galimoto yokoka kutsogolo, akutsogolo amabwerera kumbuyo mbali yawo yomweyo, akumbuyo amapita kutsogolo mopingasa. Muli ndi jeke imodzi, ndiye sipeya ikugwirireni malo. Chotsani lakutsogolo kumanzere, ikanipo sipeya. Limenelo lipite kumbuyo kumanzere. Lomwe mwachotsa pamenepo lipite kutsogolo kumanja, lakutsogolo kumanjalo libwerere kumbuyo kumanja, ndipo lotsala m'manja mwanu likachotse sipeya ija. Mukweza galimoto kasanu, basi. Kasipeya kowondako kasatsalepo, n'kothawira ngozi chabe ndipo sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola. Amene muli ndi mabakki (mapikapu) okoka kumbuyo, kwanu n'kotembenuza: akumbuyo apite kutsogolo molunjika, akutsogolo ndiwo apingase.

Chenjerani ndi matayala okhala ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION m'mbali. Amenewo amazungulira njira imodzi yokha, choncho sawoloka, amangosinthana kutsogolo ndi kumbuyo mbali yomweyo. Ife ogula matayala akaunjika limodzilimodzi timapezeka tili ndi mitundu itatu pa galimoto imodzi, ndiye muwerenge lililonse, muonenso ngati saizi ikufanana. Muli pomwepo onani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Ena amaoneka atsopano koma mphira wake ndi wokalamba.

Pomanga, yambani nati iliyonse ndi zala kuti isalowe mokhota, ndipo musapake oyilo kapena girisi. Mangani modumphitsa, iyi kenako yoyang'anana nayo, n'kumalizitsa galimoto itatsika. Manati a Fit amafuna kukungidwa pa mphamvu ya 108 Nm. Mukapeza kobwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imeneyi, ndi bwino. Zoika paipi pa sipanala n'kudumphirapo ndi phazi zija zimathyola mabawuti, ndipo tsiku lomwe mlamu adzaphulikiridwe tayala ali yekha sadzatha kumasula. Mpweya mutsate zomwe zalembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, muyeze matayala asanatenthe.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, mubwerezenso kukunga manati onse. Ndiye ngati mukukonzekera ulendo wa kumudzi kudzera pa Nyamapanda ndi Tete, ntchitoyi muigwire kudakali sabata, kuti chiwongolero chikayamba kunjenjemera mukhale mukadali pafupi ndi opanga balansi muno m'tauni.