Ndimapemphera koma mtima ukugundabe usiku: kodi nkhawa ndi tchimo?

Kalata iyi yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Andilola kuiyankha poyera bola ndisatchule dzina. Ndaifupikitsa chonchi:

"Ndimagulitsa kaunjika mumsika. Bambo a kunyumba ntchito inawathera chaka chatha, ndipo ndili ndi ngongole ku banki m'khonde. Pafupifupi usiku uliwonse ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, mtima ukugunda kwambiri, thukuta lili kamukamu, mpweya ukubanika. Ndimagwada n'kupemphera koma tulo osabweranso. Nditauza mayi wina wamkulu kumpingo kwathu, anandiwerengera Afilipi 4:6 n'kunena kuti kudera nkhawa ndi tchimo, ndilape. Panopa ndikuopa ngongole, ndikuopanso Mulungu. Kodi chikhulupiriro changa chatha?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Ndiyambe ndi funso lomalizalo: ayi, chikhulupiriro chanu sichinathe. Munthu amene chikhulupiriro chamuthera sagwada pansi 2 koloko usiku. Chimene chandipweteka m'kalata yanu n'chakuti munapita kumpingo mutasenza katundu mmodzi, n'kubwerako ndi awiri.

Vesi limene anakuwerengeranilo ndi loona, ndipo ine ndimalikonda: "Musadere nkhawa konse, komatu m'zonse ndi pemphero, ndi pembedzero, pamodzi ndi chiyamiko, zopempha zanu zidziwike kwa Mulungu." Koma taonani amene analilemba. Paulo analemba kalata imeneyi ali m'ndende, ndipo m'chaputala 1 akulankhula poyera za moyo ndi imfa chifukwa mlandu wake ukanatha kuthera kulikonse. M'chaputala 2 akusimba za Epafrodito, amene Afilipi anamutuma kuti akamutumikire. Munthuyu anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo atachira anavutikanso mumtima chifukwa abale kwawo anali atamva za matenda akewo. Paulo akuti Mulungu anachitira chifundo onse awiri, kuti iye asakhale ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Ku 2 Akorinto 11:28 akuvomera kuti nkhawa ya mipingo yonse inkamupsinja tsiku ndi tsiku, ndipo pa 1:8 akuti ku Asiya anathodwa mpaka kutaya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Munthu wotereyu sakanalemba vesi lija kuti likhale chikwapu. Ankauza anzake kumene angapite nazo nkhawa zikabwera, poti ankadziwa kuti zimabwera. Muonenso vesi 7: lonjezo lake ndi lakuti mtendere wa Mulungu udzasunga mtima ndi maganizo anu. Silikunena kuti mukangoti "Ameni" mtima usiya kugunda pomwepo.

Ndiye pali Getsemane. Marko 14 akuti Yesu anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, nayamba kuthedwa nzeru ndi kulema mtima, nawauza kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni cha kufa nacho. Luka akuwonjezera kuti thukuta lake linali ngati madontho a magazi. Ahebri 4:15 amati Yesu anayesedwa m'zonse monga ife, koma wopanda uchimo. Ngati kuvutika mumtima ndi kutuluka thukuta usiku kukanakhala tchimo, vesi limenelo likanakhala labodza. Ndipo Mwana wa Mulungu sanafune kukhala yekha usiku umenewo. Anapempha anzake kuti adikire naye.

Nkhani imene ndikufuna muwerenge modekha sabata ino ili pa 1 Mafumu 19. Eliya wangochoka kumene pa phiri la Karimeli, kumene anaima yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala, moto n'kutsika kumwamba. Yezebeli atamutumizira uthenga woti amupha, mneneri wamkulu uja anathawa mpaka ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda ulendo wa tsiku limodzi m'chipululu. Anakhala pansi pa kamtengo napempha kuti afe. Onani zimene Mulungu anachita. Sanayambe ndi ulaliki. Anamusiya agone. Kenako mngelo anamukhudza n'kumuuza kuti adzuke adye, ndipo kumutu kwake kunali mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, namwa, nagonanso. Mngelo anabwera kachiwiri ndi mawu omwewo, akuti ulendo wamukulira. Mafunso anadza pambuyo, ku Horebu, patapita masiku 40. Kumeneko Mulungu anamulola kudandaula kawiri konse, kenako anamuuza kuti sali yekha monga ankaganizira, alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, namupatsa Elisa woti aziyenda naye. Tulo, chakudya, khutu lomvetsera, mnzake. Mulungu anayamba ndi thupi la munthu wake, ndipo sitiwerenga paliponse kuti anamuuza kuti alape chifukwa cha mantha.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, mayi, pitani kuchipatala. Kugunda kwa mtima, thukuta ndi kubanika kumatha kuchokera ku nkhawa, koma kumathanso kuyamba chifukwa cha kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, shuga kapena vuto la mtima. Akuyezeni BP ndi magazi. Mukafotokoze zonse monga mwandilembera ine: nthawi imene mumadzidzimuka, miyezi imene papita, ndi zimene zimabwera m'mutu. Ambiri timangonena kuti "mutu ukuwawa", n'kubwerako ndi panado. Akapeza kuti thupi lili bwino, funsani ngati pali namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Queens alipo, ndipo m'zipatala za maboma mumapezekanso anamwino ophunzira zimenezi. Kwa owerenga a ku Mzuzu ndi Lilongwe kulinso a St John of God, amene ndi anthu a mpingo, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Musaope kuti anthu aziti mwapenga kapena muli pa ulendo wa ku Zomba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa. Ndi matenda odziwika, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Mkhristu akamwa mankhwala a malungo palibe amene amati wataya chikhulupiriro.

Nanga ikakwana 2 koloko ija? Choyamba, musalimbane ndi mtima wanu poganiza kuti mukapemphera mwamphamvu usiya. Khalani tsonga, mapazi pansi, pumirani mkati pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, n'kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa mmene munaukokera. Kugunda kwa mantha kotereku kumafika pachimake m'mphindi zochepa kenako kumayamba kutsika. Foni muisiye, ndipo musayambe kuwerengera ndalama ya belo mumdima. Pempherani ndi mawu a Masalmo ngati anu akusowa. Salmo 42 ndi la munthu wolira usana ndi usiku amene akufunsa moyo wake chifukwa chimene waweramira. Salmo 94:19 likunena za zolingalira zochuluka m'kati mwa munthu. Salmo 88 limayamba ndi kulira ndipo limathera mumdima, popanda aleluya kumapeto, komabe linasungidwa m'Baibulo. Ine ndimaliona ngati chilolezo choti tiziuza Mulungu zoona. Ndipo mutchule zinthu ndi maina ake: ndalama zakuti, tsiku lakuti, fizi ya mwana wakuti. Paulo anati zopempha zanu zidziwike, ndiye musazikulunge. Chiyamiko chija musachikakamize. Chinthu chimodzi chenicheni cha tsikulo chikukwanira, kaya ndi kasitomala amene anagula jekete madzulo mutataya kale mtima.

Pa Mateyu 6:34 Yesu anati zikwanire tsiku zovuta zake. Sanakane kuti zovuta zilipo. Ana a Israele m'chipululu ankatola mana a tsiku limodzi, ndipo amene anasunga a mawa anawapeza atagwa mphutsi, kupatula a tsiku la Sabata. Usiku mumayesa kubweza ngongole ya miyezi isanu nthawi imodzi m'mutu, ndipo palibe angakwanitse. Lembani papepala zimene zingachitike mawa kukacha, zotsalazo muzisiye m'manja mwa Mulungu.

Zina mwa zolembedwa papepalazo zidzafuna kuti muyende. Ngongole imakula ikabisidwa. Pitani kwa tcheya kapena msungichuma wa banki m'khonde tsiku la msonkhano lisanafike, muwauze zimene mungakwanitse kubweza pa sabata. Anthu amakwiya kwambiri ndi munthu wozemba kusiyana ndi wobwera yekha. Chonde musatenge katapila kuti mutseke ngongoleyi. Simunatchule ngati bambo a kunyumba akudziwa kuti simugona. Ngati ndi munthu woti mungakhale naye pansi, auzeni. N'kutheka kuti nawonso amakhala maso mbali inayo, akuganiza za ntchito, aliyense akubisira mnzake.

Chinanso, poti ndikudziwa kuti ena akuuzani kale kapena akuuzani posachedwa: padzapezeka wokuuzani kuti wina mumsika wakulodzani, mubwere ndi "mbewu" kapena mugule mafuta odzozedwa. Zimenezi zimandikwiyitsa, chifukwa zimadyera anthu amene ali kale pansi, ndipo zimawonjezera mantha atsopano, oopa mnzanu wa benchi yoyandikana nayo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula kolimba pa Machitidwe 8. Pemphero la abale ndi laulere. Pezani munthu mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi, oti mutha kuwaimbira ngakhale usiku.

Mayi wamkulu uja musamusungire chakukhosi. Mwina anakupatsani zimene naye anapatsidwa. Ngakhale wansembe Eli anaona Hana akupemphera milomo yokha ikugwedera, namuyesa woledzera. Hana anamuyankha mwaulemu kuti iye ndi mkazi wa mtima wachisoni amene akutsanulira moyo wake kwa Yehova, ndipo Eli anasintha mawu, namudalitsa. Inunso mutha kuyankha chimodzimodzi, koma simukukakamizidwa kubwereranso kwa iwo ndi nkhaniyi.

Pali funso limodzi limene simunafunse koma sindingalidumphe. Ngati maganizo oti kuli bwino kungofa ayamba kubwera, monga anabwerera kwa Eliya, musadikire Lamulungu kapena yankho langa. Uzani munthu tsiku lomwelo ndipo akuperekezeni kuchipatala. Mukapita kukayezetsa, mundilemberenso mundiuze zimene apeza. Ndikukupemphererani, pamodzi ndi bambo ndi ana.