PostgreSQL ikakana $1: yankho kwa mayi a ku Luchenza ndi mwana wawo

Mayi ena a ku Luchenza alemba kuti mwana wawo wamkazi, amene akuphunzira zamakompyuta, akulemba pulogalamu yosunga makilogalamu a tiyi amene alimi amapereka, koma PostgreSQL, database (nkhokwe yosungiramo deta pakompyuta) imene akugwiritsa ntchito, ikumubwezera uthenga wakuti "could not determine data type of parameter $1", kutanthauza kuti yalephera kudziwa mtundu wa deta imene idzalowe pa mpata wa $1. Mtsikanayo wayamba kuganiza kuti analakwitsa posankha maphunzirowa, ndipo mayiwo akufunsa ngati ndi bwino asinthe.

Mayi, musamulole kusintha chifukwa cha uthenga umenewu. Umaonekera kwa munthu amene akulemba query (lamulo lopita ku database, lolembedwa m'chiyankhulo cha SQL) m'njira yoyenera, yosiya mipata ya $1 ndi $2 m'malo momata mawu a wogwiritsa ntchito mkati mwa SQL. Njira yomatayo ndi imene imatsegulira khomo akuba deta kudzera mu SQL injection, choncho mwana wanu wapewa kale cholakwa chachikulu chimene ophunzira ambiri amayamba nacho.

Tsopano ndiyankhule ndi iwe, mwananga. Ukatumiza query yokonzeratu, PostgreSQL imaisanthula isanaone zimene udzaike m'mipatamo. Pa nthawi imeneyo iyenera kudziwa ngati $1 ndi nambala, mawu kapena tsiku, ndipo ngati sunainene, imazindikira poyang'ana malo amene mpatawo waima. Ukalemba WHERE nambala_ya_mlimi = $1, ndipo kolamu ya nambala_ya_mlimi ndi integer (nambala yathunthu, yopanda zidutswa), $1 imakhala integer. Ukaufananiza ndi kolamu ya foni imene ndi text (mawu), umakhala text, ndipo ndi bwino choncho chifukwa manambala athu a foni amayamba ndi 0, amene akanasowa akanasungidwa ngati nambala wamba.

Vuto limabwera mpata ukaima pamalo opanda mnzake wouyerekeza naye. Ophunzira amakonda kulemba WHERE $1 IS NULL OR mudzi = $1 pofuna kuti pulogalamu isonyeze alimi onse ngati munthu sanasankhe mudzi. Chilichonse chikhoza kukhala NULL (chopanda kanthu), ndiye pamene $1 yaonekera koyamba palibe chouza database mtundu wake, ndipo ngakhale mbali yachiwiri ikanathandiza, query yonse imakanidwa. Ukatembenuza n'kuyamba ndi mudzi = $1, imadutsa. Komabe sindikulangiza kudalira katsatidwe ka mawu kotere, chifukwa mnzako akadzakonza query ija mawa adzaiphwanya osadziwa. Nena mtunduwo wekha: lemba $1::text, kapena CAST($1 AS text), kapena utchule mitundu pa PREPARE pomwepo, lamulo lokonzeratu query.

Chimene ndimaopa kwambiri si uthenga wokana, koma pamene database yazindikira mtundu molakwika n'kukhala chete. Tinene kuti makilogalamu wawasunga ngati integer, ndipo ukuchulukitsa makilogalamu * $1 kuti upeze ndalama za mlimi. PostgreSQL idzaona integer kumanzere n'kutenga $1 ngati integer. Ukadzaika mtengo wa matambala, mwachitsanzo 150.50, kudzera mu EXECUTE (lamulo loyendetsa query yokonzeratu), mtengowo udzasanduka 151 popanda chenjezo, pamene madalaivala ena (mapulogalamu olumikiza khodi yako ndi database) amangoukana. Pa mlimi mmodzi kusiyanako n'kochepa, koma pa mwezi wonse wa alimi ambiri wowerengera ndalama adzakufunsa kumene ndalamazo zapita. Pa ndalama gwiritsa ntchito numeric, mtundu wosunga nambala ndi zidutswa zake zomwe, ndipo ulembe $1::numeric.

Dziwanso kuti ma database sachita zofanana. MySQL imagwiritsa ntchito chizindikiro cha ? m'malo mwa $1, ndipo kuyambira mu 8.0.22 imakhazikitsa mtundu wa mpata pa nthawi yokonza query. SQLite, imene ili m'mafoni ambiri, imamangirira mtundu pa chinthu chimene chaikidwacho, choncho query imene yayenda pa foni ikhoza kukanidwa pa seva ya PostgreSQL.

Kwa inu mayi, pa nkhani ya ntchito: mabanki, makampani a mafoni, zipatala ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje zonse zimasunga mbiri yawo mu database, ndipo amene amamvetsa chifukwa chimene query yakanidwira ndiye amadaliridwa kuposa amene amangokopera khodi pa intaneti mpaka iyende. Ngati pali ang'ono ake amene akufuna njira yomweyi, MUST ili kwathu konkuno ku Ndata, MUBAS ili ku Blantyre, ndipo masamu a MSCE asawatenge mopepuka.

Mwananga, sabata ino konza ma query angapo ndi PREPARE osatchula mitundu, ulembe papepala mtundu umene ukuganiza kuti $1 ilandira, kenako utsegule pg_prepared_statements pa kulumikizana komweko n'kuyang'ana kolamu ya parameter_types. Pamene yankho lako lasiyana ndi la PostgreSQL, pita nalo kwa aphunzitsi ako.