Za Paul Tortelier ndi kachitsulo kopindika ka cello

Achemwali, mwafunsa kuti Paul Tortelier amene aphunzitsi a mwana wanu ku Manchester sakumuchotsa pakamwa ndi ndani, komanso ngati mugulire mwanayo kachitsulo kopindika kamene cello (chida choimbira chonga vayolini yaikulu) imaimirira pansi, kaja amati ka Tortelier. Ndiyamba ndi munthuyo, chifukwa mukamudziwa, funso la kachitsulo silivutanso.

Tortelier anabadwira ku Paris pa 21 March 1914. Bambo ake anali kalipentala wopanga mipando ndi makabati, ndipo pakhomopo ndalama sizinali zochita kusefukira. Amayi ake ndiwo anatsimikiza mtima kuti mwana wawo adzakhala woimba cello. Anayamba ali ndi zaka 6, pofika zaka 12 n'kuti atalowa ku Conservatoire, sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Paris, ndipo ali ndi zaka 16 anapambana mphoto yoyamba m'kalasi ya Gérard Hekking. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti nthawi yomweyo mnyamatayu ankaimbanso m'malo omwera khofi ndi m'nyumba zoonetsera kanema, masiku amenewo mafilimu analibe mawu, ndiye pankafunika oimba okhala kutsogolo kwa chinsalu. Munthu amene waimbirapo anthu akudya ndi kucheza amadziwa kuti omvera sakhala chete chifukwa chokupatsa ulemu ayi, umachita kuwakopa. Khalidwe limenelo sanalisiye mpaka kukalamba.

Kuchokera mu 1935 mpaka 1937 anali woimba cello wamkulu m'gulu la oimba la ku Monte Carlo. Kumeneko anaimba Don Quixote, nyimbo ya Richard Strauss, mwini wakeyo akutsogolera gulu. M'nyimbo imeneyi cello ndi imene imakhala m'malo mwa msilikali wokalamba wa m'nthano ya ku Spain, amene ankalimbana ndi adani a m'mutu mwake momwe. Tortelier anali wamtali, wowonda, wa nkhope yosongoka, moti anthu ankati ndi Don Quixote weniweni atagwira uta. Atachoka ku Monte Carlo anakagwira ntchito ku Boston Symphony Orchestra pansi pa Serge Koussevitzky, kenako anabwerera kwawo ku France. Mu 1947 anaimbanso Don Quixote yemweyo ku London, Thomas Beecham akutsogolera, ndipo kuyambira pamenepo anthu a ku Britain anamutenga ngati mbale wawo. N'chifukwa chake sindikudabwa kuti aphunzitsi a kumeneko amamutchula kwambiri. Kuwonjezera apo, mwana wake Yan Pascal Tortelier anatsogolera BBC Philharmonic, gulu la mumzinda wanu womwewo wa Manchester, kwa zaka pafupifupi 10 kuyambira mu 1992.

Banja lonse linali la oimba. Mkazi wake Maud Martin ankaimba cello, mwana wamkazi Maria de la Pau ankaimba piyano, ndipo mwana wamkazi wina, Pomone, anatsata cello ya makolo. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 anatenga mkazi wake ndi ana n'kukakhala pa kibbutz ya Ma'abarot, mudzi wa anthu okhala ndi kugwira ntchito limodzi ku Israel, ngakhale sanali Myuda. Anali munthu wa maganizo otentha pa nkhani za mtendere, ndipo akakhulupirira chinthu ankachichita ndithu.

Tsopano za uphunzitsi, pamene pagona nkhani. Anaphunzitsa ku Conservatoire ya ku Paris kuyambira 1956 mpaka 1969, kenako ku Essen ku Germany, kenako ku Nice. Jacqueline du Pré, mtsikana wa ku England amene anatchuka ndi concerto ya Elgar (nyimbo ya cello yoperekezedwa ndi gulu la oimba, imene Elgar anapeka), anaphunzirako kwa iye ku Paris kwa kanthawi. Koma anthu wamba anamudziwa kwenikweni kudzera m'makalasi amene ankaphunzitsa pa wayilesi ya kanema ya BBC. Ena mwa makanemawa alipo pa YouTube, ndipo ndikukupemphani muonere limodzi ndi mwana wanu. Mudzaona bambo wachikulire akumuimitsa wophunzira pakati pa nyimbo, akuimba ndi pakamwa, akufotokoza kankhani, akutambasula manja ngati mlaliki wa pachitsitsimutso, zonsezo pofuna kuti wophunzirayo amve chimene nyimbo ikunena asanakhudze nsambo. Ena amati ankachita mopyoza, ndipo nthawi zina wophunzira ankangoima kukamwa yasa, osapatsidwa mpata. Ndikuvomereza. Komabe ine ndingasankhe mphunzitsi wotero kusiyana ndi amene amangowerenga zolakwa. Analembanso buku lakuti How I Play, How I Teach, koma limenelo ndi la aphunzitsi ndi ophunzira amene afika patali.

Kachitsulo kaja ntchito yake ndi iyi: chifukwa ndi kopindika, cello imagona chagada pang'ono m'malo moima chilili. Zikatero, kulemera kwa mkono kumatsikira kokha pa nsambo kudzera mu uta, ndipo dzanja lamanzere limafika mosavuta kumunsi kumene kuli manotsi okwera. Mstislav Rostropovich, katswiri wa ku Russia, anakatengera ndipo anakagwiritsa ntchito. Koma taonani kuti awa anali anthu akuluakulu, amene matupi awo anali atakhwima ndipo kaimbidwe kawo kanali katakhazikika kale. Mwana wa zaka 9 amene akuimba cello yaing'ono, yomwe adzaisiya chaka chamawa akasinkhuka, sakufunika zimenezo. Ndalamayo mugulire nsambo zabwino ndi mpando wa msinkhu wake kuti mapazi azifika pansi. Aphunzitsiwo akadzaona kuti kakufunika, adzanena okha.

Ngati mukufuna poyambira kumvera, sakani nyimbo 6 za Bach za cello yokha, zimene Tortelier anazijambula kawiri, kenako concerto ya Elgar ija, Don Quixote mudzamve pomaliza chifukwa ndi yaitali kwa mwana. Anamwalira pa 18 December 1990 ku Villarceaux, kufupi ndi Paris, ali ndi zaka 76. Mtima unaima ali kumeneko kukaphunzitsa achinyamata cello.