Kodi mtsogoleri wothamangira kumene kukuchokera zipolopolo ndi wolimba mtima kapena wosasamala?

Bambo wina wanditumizira funso pa imelo. Akuti anamva za msilikali wa gulu lotsika m'ndege ndi parachuti amene analandira mendulo atathamangira adani ali yekha, ndipo akufunsa kuti: "Ntchito ya mtsogoleri si kukhala ndi moyo kuti azilamulira anyamata ake? Kumeneku si kudzitaya chabe?"

Zikomo bambo, funso lanu n'lomveka. Ndikuyankhani ndi nkhani ya Kopolo Bryan Budd wa 3 PARA, gulu la asilikali a parachuti la dziko la Britain, amene mu 2006 anali ku Sangin, m'chigawo cha Helmand ku Afghanistan.

Pa 27 Julaye chaka chimenecho, kagulu kake kali kulondera, kanayamba kuwomberana ndi a Taliban amene anali padenga la nyumba. Anyamata ake awiri anavulala, mmodzi n'kugwa poyera pomwe zipolopolo zinali kuvumba. Taganizani pamenepo, bambo. Aliyense wopita kukamunyamula akanawomberedwa, ndipo kumusiya kunali kumupereka ku imfa. Budd anatsogolera anzake kukalowa m'nyumba yomwe moto unkachokera, akuponya mabomba a m'manja ndi kuwombera, mpaka adani anathawa. Mpata wochotsa wovulala uja unapezeka chifukwa cha zimenezo.

Apa ndi pamene ndikusiyana nanu. Mukawomberedwa mwadzidzidzi pafupi chonchi, kugona pansi n'kumadikira sikupulumutsa, chifukwa mdani anasankha kale malowo ndipo akukuonani bwino. Chimene chimamusokoneza ndi kumuyandikira msanga kuti aleke kuloza mfuti n'kuyamba kudziteteza. Asilikali a parachuti amaphunzitsidwa zimenezi mwakhama, popeza ntchito yawo yeniyeni ndi yotera kumbuyo kwa adani, nthawi zina atamwazikana, ali ndi zida zopepuka zokha, mkulu wa nkhondo ali kutali. Wogamula zochita amakhala kopolo amene ali ndi anthu pafupifupi 8 basi. Ndipo munthu wogwidwa ndi mantha sadzuka chifukwa cha kukuwiridwa kuchokera kumbuyo. Amadzuka akaona msana wa mtsogoleri wake patsogolo.

Komabe sindikubisirani mtengo wake. Pa 20 Ogasiti, pa ulendo wina wolondera, Budd anaona adani pafupi m'munda wa chimanga ndipo anafuna kuwazembera cham'mbali. Zisanatheke, kuwomberana kunabuka, anyamata ake atatu n'kuvulala. Iye anapitirira yekha kulowa m'chimangamo akuwombera, ndipo moto wa adani unachepa moti anzake anatha kubwerera ndi ovulala aja. Thupi lake linapezeka pambuyo pake, pambali pake pali a Taliban atatu akufa. Anali ndi zaka 29, ndipo kunyumba mkazi wake anali woyembekezera.

Mu Disembala 2006 kunalengezedwa kuti Budd wapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kafukufuku wa imfa yake mu 2007 anapeza kuti mwina chipolopolo chimene chinamupha chinachokera kwa anzake omwe, amene ankawombera adani aja mkati mwa chisokonezo. Ena amati zimenezi zikusonyeza kuti analakwitsa kupita patsogolo. Ine ndimayang'ana zomwe ankaziona panthawiyo: anthu ake atatu ali pansi, mdani ali pafupi, ndipo panalibe wina woti amutume m'malo mwake.