Maboti a m'ngalande za ku England anali a katundu, osati a tchuthi

Mayi, mwafunsa chifukwa chake maboti amene mumawaona m'ngalande za ku Birmingham ali aatali koma ochepa m'lifupi, komanso ngati anapangidwa kuti anthu azikhalamo. Maboti amenewa ankanyamula katundu, makamaka malasha, ndipo muyeso wake unachokera pa zipata za madzi zotchedwa lock, zimene zimakweza kapena kutsitsa boti pamene ngalande yafika pachitunda. Katswiri wa zomangamanga James Brindley atayamba kukumba ngalande ya Trent and Mersey mu 1766, anamanga zipata za mamita pafupifupi 22 m'litali ndi mamita awiri okha m'lifupi pofuna kuchepetsa ndalama ndi madzi ofunika, ndipo ngalande zambiri za m'chigawo chapakati cha England zinatengera muyeso womwewo. Phindu la ngalande linali litaoneka kale mu 1761, pamene ngalande ya Bridgewater inayamba kubweretsa malasha a ku Worsley mumzinda wa Manchester, mtengo wake n'kutsika ndi pafupifupi theka.

Hatchi imodzi yoyenda m'mbali mwa madzi inkakoka boti la matani oposa 20. Pofika pamene ngalande yaboola phiri popanda njira ya hatchi, monga ku Harecastle, hatchiyo inkadutsitsidwa pamwamba pa phirilo, ndipo amuna ankagona chagada pamatabwa n'kumakankha makoma ndi mapazi mumdima mpaka boti litatulukira tsidya lina.

Kukhala m'boti banja lonse kunabwera ndi umphawi. Njanji zitafalikira kuyambira m'ma 1830, malipiro onyamulira katundu pamadzi anatsika kwambiri, moti woyendetsa boti sakanathanso kulipira lendi ya nyumba kumtunda komanso kulemba wantchito womuthandiza. Mkazi ndi ana ndiwo analowa ntchitoyo, ndipo onse ankaphika, kugona ndi kubereka m'kachipinda ka kumbuyo ka mamita pafupifupi atatu m'litali. Mwana wamng'ono ankatsogolera hatchi tsiku lathunthu ndipo ambiri anakula osadziwa kuwerenga. Ndikuona kuti maluwa ndi nyumba zachifumu zopentedwa pamabotiwa, zimene alendo amakonda kujambula lero, zimachititsa anthu kuiwala mavuto amenewa. George Smith wa m'tauni ya Coalville, yemwe ankamenyera ufulu wa ana, analimbana ndi mavutowa mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1877 lokakamiza kulembetsa maboti okhalamo anthu ndi kuika malire a chiwerengero cha ogona m'kachipindako.

Mainjini atafala m'zaka za m'ma 1900, boti limodzi linkakoka linzake lopanda injini, koma malole anali akulanda katundu wambiri. Boma linatenga ngalande zambiri mu 1948, kenako m'nyengo yozizira kwambiri ya 1962 mpaka 1963 madzi anaundana kwa milungu yambiri, maboti n'kukhala osayenda, ndipo makasitomala anasamukira kumsewu osabwereranso. Maulendo omaliza a nthawi zonse onyamula malasha mtunda wautali, opita kufakitale ya jamu ku Southall, kumadzulo kwa London, anatha mu 1970.