Mukuyezera kolakwika, bambo: mpweya wa ng'ombe umatulukira kukamwa

Bambo wina wa ku Epworth, kufupi ndi Harare, yemwe ali ndi khola lake ku Seke, wandifunsa motere: "Ndili ndi ng'ombe 6 ndi mbuzi 10. Ndamva pa WhatsApp kuti ziweto zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko, ndipo woyeza mpweyawo amalipidwa. Ndinayesa kumangirira jumbo kumchira kwa ng'ombe, koma simunalowe kanthu. M'chilimwe ndimazipatsa mapesi okhaokha. Ndiyeze bwanji?"

Bambo, jumboyo kachotseni lero lomwe ng'ombe isanakuponyeni chibakera cha mwendo. Mpweya mukunenawo, wotchedwa methane, umapangidwa m'chifu chachikulu cha nyama zobzikula, momwe tizilombo tating'ono timasasitsa udzu, ndipo pafupifupi wonse umatuluka pogeya. Kuphwisa n'kochepa chabe. Mukaima pafupi ndi ng'ombe yogona pamthunzi ikubzikula, mudzamva ikugeya pafupipafupi. Ndi umenewo.

Koma chandikwiyitsa ine si jumbo ayi, ndi mapesiwo. Ng'ombe 6 mapesi okhaokha kuyambira Juni mpaka mvula? Sindinazione, komabe ndikudziwa kuti pofika Okutobala nthiti zimawerengeka. Pa chilala cha 2024 ndinayenda m'makola ambiri otere: ng'ombe ikudya tsiku lonse, ikugeya tsiku lonse, mkaka wosadzaza ndi kapu yomwe. Mphamvu ya chakudya pafupifupi 6 pa 100 iliyonse imathawira mu mpweyawu. Ng'ombe yotenga zaka 5 kuti ifike pogulitsa yageya zaka 5 zonsezo.

Kuyeza kwenikweni si kwa pakhola. Akatswiri amatsekera ng'ombe m'kachipinda n'kumayeza mpweya wolowa ndi wotuluka, monga amachitira ku Mazingira Centre ya ILRI, bungwe lofufuza za ziweto, ku Nairobi. Ena amaimwetsa kachubu kotulutsa SF6, mpweya wongothandiza kuyeza methane, n'kuiveka chotengera mpweya pamphuno, ena amagwiritsa ntchito makina a GreenFeed omwe amanunkhiza ng'ombe ikamadya. Zonsezi ndi madola masauzande, kuposa mtengo wa khola lanu lonse.

Inu tengani cholembera. Malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la akatswiri a za kusintha kwa nyengo, amati ng'ombe wamba ya mu Africa imatulutsa makilogalamu 31 a methane pachaka, yamkaka 46, mbuzi 5. Zanuzo ndiye 186 kuphatikiza 50, kukwana 236. Methane amatenthetsa kuwirikiza ka 28 kuposa carbon dioxide, choncho tingoti n'chimodzimodzi matani 7 osakwana a carbon dioxide pachaka. Ndi chiyerekezo chabe, chifukwa kang'ombe kakang'ono ka mtundu wa Mashona sikadya ngati yaikulu ya mtundu wa Brahman. Mukafuna kuyandikira zoona, gulani tepi yoyezera chifuwa cha ng'ombe yosonyeza kulemera kwake, ndi ya madola ochepa, muzilemba kulemera mwezi ndi mwezi, mkaka wa tsiku, ndi chomwe zadya.

Za malipirozo, munthu mmodzi wa ng'ombe 6 asayembekeze kanthu, ndipo wina akakuuzani kuti muyambe mwapereka ya kulembetsa, musatulutse ndi senti yomwe.

Mankhwala anga ndi omwe aja ndimanena chaka chilichonse: kalongonda ndi nkhungudzu. Dzalani kachigawo ka munda mvula ikangokhazikika, mudule zikayamba maluwa, muumitse pamthunzi masamba asayoyoke, musunge pamwamba pathandala chiswe chisafike. M'chilimwe muzisakaniza ndi mapesi odula tizidutswa, kuwaza madeya pang'ono ndi mchere. Ena amakonda lukina kapena kuthira yureya m'mapesi. Ine yureya ndinasiya kuitchula nditaona mlimi wina ataphetsa ng'ombe ziwiri poonjeza muyezo.

Ndipo nkhalamba ya ng'ombe yomwe yatha zaka 3 osabereka, ngati ilipo m'kholamo, igulitseni isanaonde. Ndalama yake mugulire mbewu ndi tepi ija.